Tsiku lomwe mphaka wathu analephera kukodza

Lero sindiyamba ndi za sikelo kapena malungo. Ndikufuna ndikuuzeni zomwe zinachitika kunyumba kwanga ndi mphaka wathu. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, mukuti anesi asowa chokamba. Sekani ndithu, koma muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa chomwe ndinalakwitsa pa mphakayu ndi chomwecho chimene ndimaona makolo akulakwitsa pa ana awo kuchipatala kuno.

Mphakayu tinamutenga ali kamwana, ndipo sitinamutengere chikondi ayi, tinamutengera makoswe. Makoswe anali atatiboolera matumba a chimanga, kudya sopo, mpaka kuluma yunifolomu yanga m'sutikesi. Atangokula pang'ono, nyumba inakhala zii usiku. Mwana wanga wamkazi, yemwe pano ali sitandade 3, anamutcha Kambuku chifukwa cha mawanga ake, ndipo kuyambira pamenepo awiriwa sasiyana. Ndi mphaka wamphongo. Ichi muchisunge, tibwererako.

Kadyetsedwe kake kanali konga ka amphaka ambiri kwathu kuno: mkute wa nsima, mitu ya usipa, bonya wouma pang'ono. Makoswe atatha, chakudya chake chinangotsala chimenecho. Nanga madzi? Ndikufunseni inuyo, ndani mwa ife anayamba wamuikirapo mphaka madzi akumwa? Nkhuku timaziikira m'chigubu chodula, mbuzi timazimwetsa, koma mphaka timangoti adzionera yekha. Kambuku ankamwa timadzi totsalira kubafa ndi pomwe timatsukira mbale. Itafika Okotobala, dzuwa likuswa mtengo, timadzi timeneto tinkauma tisanafike n'komwe pansi.

Lachiwiri lina ndinaona Kambuku akupitapita pamchenga wa kuseri kwa bafa. Amakumba, kunyonyomala nthawi yaitali, kenako n'kuchoka osasiya kanthu. Patapita kanthawi wabwereranso. Ndinangoti wadzimbidwa, mwina wadya chinachake. Amadzinyambitanso kumaliseche kosalekeza, ine osalabadira. Lachitatu m'mawa ndinapeza timadontho ta mkodzo wofiirira pasimenti m'khitchini. Apa ndiye pondichititsa manyazi. Ine namwino, amene tsiku lililonse ndimafunsa odwala kuti mkodzo ukuoneka bwanji, ndinaona magazi mumkodzo, ndipo chomwe ndinachita ndi kutenga tsache n'kumuthamangitsa mphakayo poti wayamba mwano. Madzulo ake ndinapita kukagwira ntchito ya usiku.

Pobwera Lachinayi m'mawa ndinapeza mwana sanapite kusukulu, ali chogwada pafupi ndi bedi, maso ali psuu.

"Amama, Kambuku sakutuluka. Wasanza kawiri, ndipo ndikamukhudza akulira."

Ndinamukoka pang'onopang'ono n'kumugoneka pachitenje. Nditapisa dzanja kumunsi kwa mimba yake ndinakhudza chinthu cholimba, chobulungira ngati lalanje. Manja anga anazindikira mutu usanaganize. Chinthu chimenechi ndachikhudza kambirimbiri kwa agogo aamuna amene amabwera nawo usiku pa njinga akubuula kuti mkodzo wakana kutuluka. Chinali chikhodzodzo chodzaza, chatsekeka. Kudzimbidwa ndinkanena kuja kunalibe. Masiku awiri onse aja mphaka amavutika kukodza.

Amayi anga, omwe timakhala nawo, anali atathyola kale Panado pakati n'kumuphwanyira pasupuni.

"Iwe, tangomumwetsa kamankhwalaka ululu uchepe. Si umu timachitira ndi ana?"

Ananena mwachifundo, ndipo kunena zoona nanenso dzanja linatsala pang'ono kulandira supuniyo. Chinandigwira ndi chakuti ine ndinaphunzira za anthu, za ziweto ayi, ndipo akulu anati safunsa anadya phula. Ndinaimbira foni alangizi a ziweto a m'dera lathu. Anandiuza zinthu zitatu. Choyamba, Panado asayandikire pakamwa pa mphakayo. Chachiwiri, ndisayerekeze kufinya chikhodzodzocho kuti mkodzo utuluke, chikhoza kuphulika. Chachitatu, ndinyamuke tsiku lomwelo kupita kuchipatala cha ziweto mtauni, chifukwa pamafunika kumugoneka tulo ndi kumuika kapaipi, zomwe iwo analibe.

Nkhani ya Panadoyi ndikufuna muimvetse bwino. Chiwindi cha munthu chimatha kuphwanya mankhwalawa n'kuwatulutsa m'thupi. Cha mphaka sichitha. Kwa mphaka Panado ndi poizoni, ngakhale kachidutswa chabe. Amaononga magazi mpaka kulephera kunyamula mpweya, nkhama zimasanduka zabulauni, nkhope ndi mapazi zimatupa, kupuma kumavuta, ndipo piritsi limodzi ndi lokwanira kumupha. Bufeni nayenso amaononga impso ndi m'mimba mwake. Mankhwala a anthu musampatse mphaka pokhapokha atanena ndi dokotala wa ziweto.

Ndinaboola timabowo pakatoni, kuyala chitenje mkati, n'kutapa pa ndalama zomwe ndinkasungira feteleza. Sindikubisirani, mtima unawawa potapa ndalamazo. Mayi wina woyandikana naye nyumba atandiona ndikukwera kabaza anafunsa, "Anesi, ulendo wa kuti ndi katoni m'mawa uno?" Nditawauza anaomba m'manja. "Mphaka? Kuchipatala? Si mungopempha kamwana kena, amphaka ali mbwee m'mudzi muno!" Muminibasi namo Kambuku atalira kamodzi anthu anangoti chete, mayi amene ndinakhala naye pafupi n'kusendera kuwindo. Mukudziwa zomwe ena amaganiza akaona munthu wanyamula mphaka paulendo. Ndinangoti, "Pepani, ndi wodwala, ndikupita naye kwa adokotala."

Sindikunena kuti aliyense angathe kuchita zomwe ndinachita. Ndikudziwa mmene ndalama ikuvutira, ndipo pakhomo pakakhala mwana wodwala ndi mphaka wodwala, woyamba ndi mwana, palibe kukambirana. Kwa ine, ndinayang'ana chimanga chomwe mphakayu wakhala akutilondera zaka zonsezi, ndinayang'ana nkhope ya mwana wanga, komanso ndinadziwa kuti vutoli lafika apa chifukwa cha kunyozera kwanga.

Kuchipatala cha ziweto sanachedwe naye. Anamubaya jakisoni wogonetsa, n'kulowetsa kapaipi kakang'ono kwambiri m'njira ya mkodzo kukankhira m'mbuyo chomwe chinatseka. Mkodzo unatuluka wofiira ngati madzi otsukira nyama. Anatsuka chikhodzodzo, kumuika diripi, n'kumugoneka masiku awiri kapaipi kali komweko. Atamujambula anapeza timiyala ting'onoting'ono m'chikhodzodzo, ndipo mumkodzo munali timchenga tambirimbiri. Adokotala anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, mukanati mudikire mawa, sindikudziwa ngati tikanakhala tikukamba za chithandizo."

Ndikufotokozereni mmene zimachitikira, chifukwa thupi la mphaka ndi lathu pamenepa sizisiyana kwenikweni. Impso zimasefa magazi n'kutaya zosafunika kudzera mumkodzo. Mwa zotayidwazo muli timichere tosiyanasiyana tochokera m'zakudya. Madzi akakhala okwanira, timichereti timasungunuka n'kutuluka bwinobwino. Madzi akachepa, mkodzo umakhala wochepa ndi wokhathamira, umakhalitsa m'chikhodzodzo, ndipo timichere tija timayamba kugwirana. Muganizire mchere wothira m'madzi ochepa, umatsalira pansi pa kapu. Poyamba timakhala timchenga, kenako timiyala. Timiyalato timakanda khoma la chikhodzodzo, n'chifukwa chake mkodzo umatuluka ndi magazi komanso ululu.

Mphaka ali pachiopsezo chachikulu chifukwa mwachibadwa samva ludzu msanga. Ndi mbale wake wa vumbwe, makolo ake ankakhala kumalo ouma ndipo madzi ambiri ankawapeza m'nyama zomwe agwira. Thupi la khoswe, magawo pafupifupi 7 mwa 10 ndi madzi. Kambuku atamaliza makoswe n'kuyamba kudalira nsomba zouma, madzi aja anasowa, pamene nsomba zodyedwa ndi minga yomwe zili ndi michere yambiri ya m'mafupa. Adokotala anati sitingaloze chinthu chimodzi, kunenepa ndi kungokhala osathamangathamanga nazonso zimaonjezera, koma kuchepa kwa madzi ndiye kunali patsogolo.

Tsopano tibwerere ku uphongo uja. Njira ya mkodzo ya mphaka wamkazi ndi yaifupi ndi yotakasuka, timiyala tating'ono timatha kudutsa. Ya wamphongo ndi yaitali ndipo kumapeto kwake ndi yopapatiza kwambiri, moti kamwala kochepa ngati njere ya mchenga, kapena timchenga tosakanikirana ndi zonanda, tikhoza kutsekeratu. Ikatsekeka, mkodzo umabwerera m'mbuyo, impso zimaleka kugwira ntchito, zoipa zimadzaza m'magazi. Mchere wina wotchedwa potaziyamu ukakwera kwambiri umaimitsa mtima. Zonsezi sizitenga sabata. Pakatha tsiku limodzi osakodza mphaka amakhala ali pangozi, ndipo m'masiku awiri kapena atatu akhoza kufa.

Miyala yofala kwa amphaka ili mitundu iwiri. Wina umatchedwa struvite, ndipo umenewu umatha kusungunuka m'masabata ochepa mphaka akamadya chakudya chapadera chomwe chimasintha mkodzo kuti ukhale wowawasa pang'ono. Wina ndi calcium oxalate, umenewu susungunuka ndi chakudya chilichonse, umafunika opaleshoni. Ndiye musamvere wina aliyense wokuuzani kuti mumwetse mandimu, viniga kapena mankhwala azitsamba kuti miyala isungunuke. Popanda kuyeza simungadziwe mtundu womwe muli nawo, ndipo chothandiza pamtundu wina chimaonjezera vuto pamtundu winawo. Kambuku anachita mwayi, yake inali ya struvite.

Ntchito yeniyeni inayamba titabwerera kunyumba. Chakudya chapadera chija tinagula konko, n'chodula, ndipo lamulo lake ndi lakuti asadye china chilichonse pambali pake mpaka adokotala atanena. Amayi anga ndiwo anavutika nalo lamuloli, poti anazolowera kumuponyera kamutu ka usipa pansi pa mpando. Tinachita kukhala pansi n'kukambirana. Tinkachinyowetsa ndi madzi ofunda kuti madzi alowe limodzi ndi chakudya. Mankhwala ochepetsa ululu omwe anatipatsa ndinkamumwetsa nditamukulunga m'chitenje, mutu wokha uli kunja, kuti asandikande.

Madzi tinaika malo atatu: pakhonde, m'khitchini ndi pamthunzi kuseri. Tinaona kuti amakonda mbale yotakasuka yomwe ndevu zake sizigunda m'mbali, yoikidwa patali ndi pomwe amadyera, ndipo madzi akagona samwa. Udindo wosintha madzi m'mawa ndi madzulo ndinaupereka kwa mwana wanga, ndipo mpaka lero sanaphonyepo. Nthawi zina timamupatsa msuzi wa nkhuku yowiritsa, koma wopatulidwa tisanathire mchere ndi anyezi, chifukwa anyezi ndi adyo zimaononga magazi a mphaka. Mkaka musauwerengere ngati madzi, amphaka ambiri akuluakulu umawatsegula m'mimba, madzi n'kutayikanso.

Tinatenganso beseni lakale n'kuthiramo mchenga kuti azikodzeramo, ife tizitha kuona. Mphaka wabwinobwino amakodza kawiri mpaka kanayi patsiku, ndipo pamchenga pamanyowa malo ooneka. Mukaona timadontho tokhatokha apa ndi apo, dziwani kuti zayambanso. Pano ndiime kaye ndilankhule ndi amayi oyembekezera. Beseni la mphaka musatsuke ndinu. Chimbudzi cha mphaka chimatha kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda otchedwa toxoplasmosis, omwe angavulaze mwana ali m'mimba. Atsuke wina, tsiku lililonse, chifukwa tizilomboti timayamba kupatsirana chimbudzicho chikagona tsiku limodzi kapena kuposerapo, ndipo akamaliza asambe m'manja ndi sopo. Komanso mphaka amene akumva ululu amaluma ngakhale mwini wake. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako bwerani kuchipatala tidzaone za chiwewe, makamaka ngati sanabayitse katemera.

Titabwerera kukajambulitsa patatha masabata angapo, timiyala tija tinali titasungunuka. Mwana anavina pakhonde. Koma adokotala anachenjeza kuti mphaka amene watsekekapo kamodzi akhoza kutsekekanso, ndiye ife tikuti linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Nsomba zouma tinachepetsa, chakudya chake chimakhala chonyowa, ndipo diso langa silichoka pabeseni lija.

Kwa inu amene muli ndi mphaka, zizindikiro ndi izi: kupitapita kokakodza, kukhalitsa chonyonyomala, kulira pokodza, mkodzo wamagazi, kukodzera malo achilendo monga pasimenti kapena m'beseni losambira, ndi kudzinyambita kumaliseche kosalekeza. Zikafika posanza, kukana kudya, kubisala ndi kulimba kumunsi kwa mimba, ndiye kuti nthawi yatha. Yambani ndi alangizi a ziweto a kwanuko, omwe aja amabaya agalu katemera wa chiwewe, akuuzani kolowera. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA ndipo ku Blantyre kuli BSPCA, onsewa amaona agalu ndi amphaka. Koma chotchipa kuposa zonse ndi mbale ya madzi oyera. Imeneyo aliyense angathe kuyambira lero.

Ndinati nkhaniyi ikukhudzanso ana anu. Miyala ya m'chikhodzodzo imagwiranso ana, makamaka anyamata osakwana zaka 10 amene chakudya chawo ndi phala loyera ndi nsima basi, amene amatsegula m'mimba kawirikawiri ndipo samwa madzi okwanira. Mwana wotere amalira pokodza, amadzikoka kumaliseche, mkodzo umayamba kenako n'kuduka mwadzidzidzi, nthawi zina umatulukanso akasintha kakhalidwe kapena akagona chammbali. Ena amayambiranso kukodza pogona atasiya kale. Ndipo makolo ambiri amachita zomwe ndinachita ine ndi tsache lija: amamukalipira mwana, ena kumukwapula, kuti wayamba mwano. Mwana akasintha kakodzedwe musathamangire chibonga kapena kamtengo. Mufunseni ngati akumva kuwawa, muone mtundu wa mkodzo wake, mubwere naye.

Magazi mumkodzo si chizindikiro cha kukula kwa mnyamata monga ena amanenera. Kwathu kuno, makamaka kwa ana osambira m'nyanja, m'madambo ndi m'mitsinje yoyenda pang'onopang'ono, kawirikawiri amakhala likodzo, ndipo magaziwo amabwera kumapeto kwa kukodza. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja ana amalandira kusukulu. Likodzo likakhalitsa limaononga chikhodzodzo ndi impso, limatha kubweretsa miyala, ngakhalenso khansa munthu atakula. Agogo aamuna nawo, mkodzo ukayamba kutuluka modontheza, kudzuka kambirimbiri usiku, musangoti ndi ukalamba. Nthawi zambiri ndi kachiwalo kotchedwa prostate komwe kakula n'kupana njira. Ambiri amachita manyazi kuuza ana awo, amapirira mpaka usiku womwe mkodzo watsekekeratu. Munthu aliyense, mwana kapena wamkulu, amene akufuna kukodza koma mkodzo sukutuluka ndipo kumunsi kwa mimba kwatupa, ameneyo ndi wopita naye kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku. Kuika kapaipi ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma impso zikaonongeka kubwezeretsa n'kovuta.

Kupewa kwake n'kofanana ndi kwa Kambuku. Nyengo yotentha ino ana azinyamula botolo la madzi popita kusukulu. Inu popita kumunda musaiwale chigubu, ndipo agogo muziwapatsa madzi osadikira kuti apemphe, chifukwa okalamba nawonso samva ludzu msanga. Mkodzo wabwino umakhala woyererako. Ukakhala wachikasu kwambiri ndi wonunkha, thupi likupempha madzi. Phala la mwana muzithirako nsinjiro, soya, dzira kapena mkaka, monga timaphunzitsira kusikelo za magulu 6 a zakudya. Akatsegula m'mimba mupatseni Thanzi ORS ndi zinki msanga. Koma mwana wosakwana miyezi 6 musamupatse madzi ngakhale kutenthe bwanji. Bere lokha lili ndi madzi omukwanira, ingomuyamwitsani pafupipafupi.

Pamene ndikulemba izi Kambuku wagona pathumba la chimanga, mbale yake ya madzi ili pambali. Feteleza chaka chimenecho ndinagula wochepa kuposa mmene ndinkafunira, ndipo amayi anga amandikumbutsabe. Koma ndi iwo omwe masiku ano amayamba kufunsa m'mawa kuti, "Kodi mwana uja wamusinthira madzi mnzakeyu?" Mayi woyandikana naye uja anabwera mwezi watha ndi mdzukulu wake wa zaka 5 yemwe amalira pokodza. Anati atakumbukira za mphaka wa anesi sanafune kudikira. Tinamuyeza, tinapeza matenda a m'njira ya mkodzo, analandira mankhwala ndipo ali bwino.

Madzulo ano musanagone, taonani ngati pakhomo panu aliyense wamwa madzi, kuyambira agogo, ana, mpaka mphaka. Ngati muli ndi funso lembani m'munsimu ndidzayankha ndikaweruka, koma ngati wina sakukodza musalembe, nyamukani. Gawanani uthengawu ndi anzanu a kumpingo ndi kubanki m'khonde. Khalani bwino nonse.

Ndine namwino wanu.